Thobwa Limene Sindinamwe

Amayi anga anagulitsa thobwa pa sikimu ya mpunga ya ku Lifuwu kuyambira ine ndisanamere mano. Amene anathetsa malonda amenewo si kolera, si mvula, si mnzawo wansanje ayi. Ndine, mwana wawo wamkazi wophunzira uja, ndipo ndinangofuna masana amodzi kuti ndiwamalize.

Thobwa lawo linali ndi mbiri. Nthawi yowokera mpunga anthu ankatuluka m'matope dzuwa lili paliwombo, n'kudutsa azimayi ena ogulitsa thobwa, kukakhala pansi pa mtengo wa mango pamene amayi ankatula ndowa yawo. Mwezi wa Ramadani ankaphika kawiri, chifukwa mabanja a kunyanja ankafuna lawo pomasula kusala. Ife ndife a tchalitchi, koma akazi a ashehe ankanena pagulu kuti, "Mayi awa ndi aukhondo, botolo lawo ukhoza kudzionerapo nkhope." Amayi sanapite patali ndi sukulu. Mawu amenewo ndiwo anali satifiketi yawo.

Mabotolo, makapu, ndowa ndi mthiko ankazikwecha ndi sopo mpaka zala kuchita makwinya. Koma panali chinthu chimodzi chimene sopo sankachikhudza: mbiya yakuda imene anapatsidwa ndi azakhali awo pokwatiwa. Thobwa likapsa n'kuzizira, linkagona m'mbiyamo kufikira m'mawa. Akakhuthula, ankangoitsukuluza ndi madzi ofunda n'kuivundikira. Ndili mwana ndinawafunsa chifukwa chake.

"Mbiya ili ndi mtima wake," anatero. "Ukaisambitsa ndi sopo imakwiya."

Ndinaseka. Pajatu ndinali nditayamba kukhoza mayeso.

Thobwa lomwelo linandipititsa ku sekondale, n'kundifikitsa ku yunivesite, mpaka ndinapeza ntchito mu labotale ina mumzinda. Ntchito yathu ndikhoza kuifotokoza mwachidule, ngakhale tsiku limene kunali kofunika kutero ndinalephera. Pali vitamini wina wachikasu amene thupi likamusowa, milomo imang'aluka m'mphepete ndipo maso amayabwa. Mabakiteriya ena, tizilombo tosaoneka ndi maso, timapanga vitamini ameneyu tokha. M'kati mwa kachilombo kalikonse muli tizipangizo totchedwa maenzaimu, togwira ntchito ngati chigayo: ichi chalowa, icho chatuluka. Vuto ndi lakuti kachilombo kakapanga vitamini wokwanira iko komwe, chigayo chimazima. Ife tinkasintha pang'ono enzaimuyo kuti isamazime msanga, tizilomboto tizidya madeya a mpunga amene anthu amataya, n'kumatipatsa vitamini wotchipa. Ntchito yabwino ndithu. Mpaka lero sindiinyoza.

Tsiku lina ndili patchuthi kwathu, ndinapala m'kati mwa mbiya ya amayi ndi kamtengo ka thonje, n'kutsekera m'kabotolo. Anandiona, anangopukusa mutu. Nditabwerera kuntchito ndinafesa zimene ndinapalazo pa mbale yapulasitiki yokhala ndi chakudya cha tizilombo. Patapita masiku awiri panamera timadontho, ndipo tina tinali tachikasu. Nditayatsa nyali yapepo imene timayesera, timadontho tija tinawala ngati ziphaniphani. Abale inu! Ndinakuwa ndekha mu labotale. Abwana anga, aprofesa amene ankatsogolera ntchitoyo, anabwera akuthamanga, magalasi ali m'manja. Mtundu umenewo unkapanga vitamini kuposa ina yonse imene tinali nayo mufiriji. Mtima wa mbiya uja unalipodi, ndipo ndine ndinaupeza.

Ndiye kunabwera nkhani ya amene ankapereka thandizo pa kafukufukuyo. Iwo ankafuna kuti sayansi ipite kwa anthu, ndipo ankafunanso zithunzi zosonyeza kuti yapitadi. Aprofesa anati, "Pita kwanu. Nkhani yako ndi yokoma: mwana wa mayi wogulitsa thobwa wapeza chuma m'mbiya ya amayi ake." Ndinavomera mtima uli m'mwamba. Ndinkafuna kuti amayi atamandidwe pamaso pa anthu onse aja amene ankamwa thobwa lawo.

Safunsa anadya phula. Sindinafunse amayi ngati akulola kuti mbiya yawo itchulidwe pagulu. Sindinafunse mlangizi wa zaumoyo wa kwathu kuti anthu ali ndi mantha otani, pamene dzinja lomwelo matenda otsekula m'mimba anali atadutsa m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, ndipo nyumba zina zinali zidakali ndi nsalu zakuda. Ndinangoimba foni n'kunena kuti, "Amayi, Loweruka mubwere kusukulu ya pulayimale. Muvale bwino. Mudzamva zokoma."

Anavaladi bwino, chitenje chatsopano ndi duku lake. Anasenzanso ndowa yodzaza mabotolo a thobwa, amvekere alendo a mwana wanga asabwerere ndi ludzu. Limenelo silinali logulitsa ayi.

Kalasi inadzaza. Alimi a mpunga, azimayi a pamsika, asodzi angapo, aphunzitsi, akazi a ashehe aja, ndi ena amene anangomva kuti kwabwera galimoto. Amayi anakhala kutsogolo, ndowa ili pamapazi. Pambali pawo panakhala mnzawo wapamtima, mayi wamtali wolima mpunga, amene anandibereka kumsana ndili khanda amayi akamatumikira makasitomala.

Ine ndinavala chijasi choyera, magolovesi ndi masiki. Malamulo a ntchito yathu amatero ukamagwira mbale za tizilombo, komanso wojambula zithunzi amene tinabwera naye anati zimaoneka bwino choncho. Patebulo ndinayala mbale zitatu. Yoyamba ndinali nditadindapo dzanja losasamba. Yachiwiri inali ya madzi a mu ngalande ya pa sikimu. Yachitatu inali ya m'mbiya ya amayi. Nzeru zanga zinali zakuti ndiyambe ndi tizilombo toipa, kenako ndiwadabwitse ndi tabwino. Ndinakonza zimenezi milungu iwiri, ndipo aprofesa anati ndi dongosolo lanzeru.

Chimene tonse awiri, ndi madigiri athu, sitinachiganizire n'chakuti kwa munthu amene sanaonepo mbale zotere, zonse zitatu n'zofanana. Timadontho tonyansa pa chinthu chonga phala lowuma, basi. Ndipo mwa zitatuzo, yodzaza kwambiri inali ya amayi.

Ndinanyamula yoyamba, anthu anati, "Iii!" Ndinanyamula yachiwiri, azimayi anagwira pakamwa. Ndiye ndinanyamula yachitatu m'mwamba, ndi manja a magolovesi aja, n'kunena monyadira kudzera m'masiki kuti, "Iyi tsono yachokera m'mbiya ya thobwa ya amayi anga, awo akhala apowo."



Bambo wina wachikulire, amene ankamwa thobwa la amayi tsiku lililonse pobwera kumunda, anaimika dzanja. "Pepani adokotala," anatero, pakuti chijasi chija chinali chitandisandutsa dokotala. "Tonseto timakhala m'thobwamo?"

"Eya, bambo!" ndinayankha mokondwa. "Osati tokhati ayi. M'kapu imodzi muli tambirimbiri, simungatiwerenge."

Ha! Ndikakumbukira chisangalalo chimene ndinayankhira, ndimafuna kudzimenya mbama. Ndinapitiriza kuti n'tabwino, timapanga vitamini, tikhoza kuthandiza dziko lonse. Ndinatulutsa nyali yapepo ija kuti aone kuwala. Koma kalasi ya kwathu si labotale. Mawindo alibe magalasi kapena makatani, dzuwa la ku Salima linkalowa mbali zonse, ndipo panalibe chimene chinawala. Ndinaphimba mbale ndi dzanja, ndinaibisa kunsi kwa tebulo, ndinaitana anthu kuti asuzumire. Palibe amene anadzuka. Ndinaona mayi wina akukoka mwana wake kumuchotsa pafupi ndi ndowa ya amayi.

Amene anazindikira msanga kuti zinthu zaipa ndi mnzawo wa amayi uja. Iye sadziwa kuti enzaimu n'chiyani, koma amadziwa kuwerenga nkhope za anthu. Anawerama, anatenga botolo limodzi m'ndowa, analitsegula, n'kuyenda mpaka patebulo langa.

"Mwanawe," anatero mokweza kuti aliyense amve, akumwetulira, "walankhula zambiri, kukhosi kwauma. Imwa thobwa la amayi ako, anthuwa aone."

Anandiponyera chingwe mayi uja. Chinali chinthu chapafupi: kutsitsa masiki, kumwa, kupukuta pakamwa, kuseka. Kalasi yonse ikanaseka nane, ndipo nkhani ikanathera pomwepo.

Koma tsiku loyamba limene munthu amalowa mu labotale amauzidwa lamulo limodzi, ndipo amalibwereza mpaka limalowa m'mafupa: pamene pali mbale za tizilombo sudya, sumwa, ngakhale kutafuna chingamu. Ndinaonapo mnzanga akubwezedwa kunyumba chifukwa cha kapu ya tiyi. Patebulo panga panali mbale ya madzi a mu ngalande, ndipo magolovesi anga anali ataikhudza. Sindinaganize n'komwe. Thupi linayankha lokha. Ndinabwerera m'mbuyo phazi limodzi, manja m'mwamba, n'kunena kuti, "Pano ayi, mayi. Ndimwa ndikamaliza, panja."

Phazi limodzi lokha. Anthu onse analiona.

Mayi uja anaima ndi botolo m'manja, kumwetulira kukuzimirira pang'onopang'ono. Kenako analitseka, n'kubwerera pamalo pake. Amayi sanandiyang'ane. Ankayang'ana ndowa.

Mukuganiza kuti ndinalekera pomwepo? Ayi ndithu, wophunzira samaliza ntchito mwatheka. Lamulo lina limati mbale zikatha ntchito uphe tizilombo tonse usanazitaye. Choncho, anthu akuonerera, ndinatsegula botolo la kolorini, mankhwala omwe aja amene ankawaza m'nyumba za odwala m'dzinja, fungo lake aliyense m'kalasimo ankalidziwa. Ndinathira pa mbale ya dzanja losasamba. Ndinathira pa ya mu ngalande. Ndinathiranso pa ya amayi anga. Zonse zitatu ndinazimanga m'thumba limodzi lofiira, ndinavula magolovesi mosamala osakhudza kunja kwake, n'kusamba m'manja kawiri.

Pamene ndinkatuluka panja kuti ndikamwe thobwa lija, wojambula anandigwira mkono kuti tijambulitse ndi aphunzitsi. Titamaliza, amayi anali atapita. Ndinawaona patali mumsewu wa kumudzi, ndowa ili pamutu, yodzaza monga inabwerera, mnzawo akuyenda pambuyo pawo.

Kunyumba sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanatero. Ndinawapeza akukhuthulira mabotolo kuseri kwa khola, limodzi limodzi, thobwa likulowa mumchenga. Ndinayamba kufotokoza za lamulo la mu labotale. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndamva," anatero. "Malamulo a kuntchito kwako ndi abwino. Usawaphwanye chifukwa cha ine."

Lolemba anapita pansi pa mtengo wa mango monga mwa masiku onse. Ine ndinapempha masiku kuntchito n'kupita nawo, nditavala chitenje, chijasi nditachisiya m'chikwama. Anthu anatuluka m'matope, anatipatsa moni mwaulemu, n'kupitirira kwa azimayi ena aja. Thobwa la azimayi amenewo linalinso ndi tizilombo tomweto, mwina ndi tina toipa, koma palibe mwana wawo amene anakatiika pa mbale. Ndinaimirira, ndinatsegula botolo, ndinamwa lonse anthu akuona. Ndinatsegula lachiwiri. Pa lachitatu mimba inali itatupa, ndipo ndinamva mayi wina akuuza mnzake, osatsitsa n'komwe mawu, "Wayamba wamwa mankhwala ameneyo. Loweruka bwanji anakana?"

Madzi akatayika sawoleka. Mlungu usanathe nkhani inali itafika ku Maganga, ndipo pofika kumeneko inali itamera nyanga: akuti mwana wake yemwe, dokotala, anayeza thobwa la amayi ake n'kupezamo kolera. Ena ankandiyamikira kuti ndine wolimba mtima posabisa. Ena ankati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, mwana wotani wovula amayi ake pagulu. Onsewo, oyamikira ndi onyoza, thobwa sankagula. Mlangizi wa zaumoyo, munthu wabwino, anayesa kuuza anthu kuti mulibe matenda. Anthu ankavomera ndi mutu, n'kukagula kwina. Ramadani itafika, akazi a ashehe anatumiza moni ndi mafuno abwino. Sanatumize chigubu chodzatengera thobwa.

Nditabweranso patapita mwezi, fungo linandilandira ndisanalowe pachipata. Mbiya inali padzuwa, chagada, m'kati mwake mutayera mbuu. Amayi anali atakapempha kolorini kuchipatala, n'kuiviika usiku ndi usana, kenako n'kuikwecha ndi sopo ndi mchenga.

"Amayi, mwatani?" ndinafunsa.

"Ndachita zimene unachita iwe," anatero. "Si mmene mumachitira ophunzira?"

Ndinakhala pansi pomwepo, pa dothi, ndipo ndinalira ngati pamaliro. Iwo anangonditambalalira mphasa kuti ndisadetse siketi.

Anaphikamonso kangapo. Thobwa linkatuluka lozizira mtima, lotsekemera chabe, longa la wina aliyense. Kakomedwe kaja, kowawasa pang'ono kumapeto kwa lilime, kanali katapita. Ngakhale mnzawo uja, amene sanasiye kugula tsiku ndi limodzi lomwe, anavomera kuti si lomwe lija. Pasanathe chaka amayi analeka. Masiku ano amagwira ganyu yopeta mpunga kwa anthu amene kale ankaima pamzere kudikira kapu yawo. Ndimawatumizira thandizo, ndipo salikana, koma amapitabe kukapeta. Akuti munthu sangakhale pakhonde tsiku lonse kuyang'ana msewu. M'mbiya muja tsopano mumaikira nkhuku.

Kuntchito ulendo uja unalembedwa kuti unayenda bwino kwambiri. Lipoti linati anthu anabwera ambiri, anafunsa mafunso, ndipo anaona ndi maso awo ubwino wa tizilombo ta m'zakudya zathu. Chithunzi chinakulitsidwa n'kupachikidwa pakhoma polowera: ine ndanyamula mbale m'mwamba, maso akuseka pamwamba pa masiki. Pakona yakumanzere, ukayang'anitsitsa, pakuoneka duku la amayi ndi m'mphepete mwa ndowa. Ndimadutsa pamenepo m'mawa uliwonse.

Nditawauza aprofesa zimene zinachitika, anamva chisoni ndithu, si munthu woipa. Anavula magalasi, anawapukuta, n'kunena kuti kusamvana pang'ono kumachitika pa ntchito zotere, ndipo ulendo wina tidzafewetse uthenga. Kusamvana pang'ono! Ndinafuna kuwafunsa ngati anaonapo amayi awo akukhuthulira dzina lawo kuseri kwa khola. Sindinafunse. Ndinati, "Chabwino, bwana," n'kubwerera kukavala magolovesi. Ndipo ndikamakwiya nawo ndimadziwa kuti ndikunama. Aprofesa sanakulire pansi pa mtengo wa mango uja. Amene ankadziwa anthu a kwathu, amene ankayenera kudziwa tanthauzo la kukana chakudya cha mayi ako pagulu, ndine.

Tizilombo ta m'mbiya tija tili moyo. Tili m'timabotolo mufiriji yozizira kwambiri, tili ndi nambala yake, ndipo magetsi akazima jenereta imayaka chifukwa cha ito. Enzaimu yake tinaisintha, ikugwira ntchito bwino, ndipo anthu a mayiko ena amalemba makalata kufunsa za iyo. Padziko lonse lapansi, malo okhawo amene mtundu umenewu unatheratu ndi m'mbiya imene unachokera.

Chaka chatha ndinaganiza kuti ndapeza njira. Ndinawauza amayi kuti ndikhoza kubweretsa kabotolo kamodzi, ka tizilombo toyambirira tosasinthidwa, tithire m'phala, mbiya idzukenso. Ndinalankhula mofulumira, ngati mwana amene wapeza chinthu chotayika. Iwo ankasankha mpunga m'lichero, ndipo sanaimitse dzanja.

"Tizilomboto tisungeni komweko," anatero. "Kumeneko mumativalira magolovesi. Ine kuno ndilibe."

Ndimapitabe kwathu, mwezi ukatha kapena iwiri. Amandilandira bwino, amafunsa za ulendo, amandiuza amene wamwalira ndi amene wakwatiwa. Ndikangokhala pansi amamanga chitenje, n'kuyenda okha mpaka kugolosale ya pamsewu, ngakhale ndiwaletse chotani. Amabwera ndi chakumwa cha m'botolo, chozizira, cha kufakitale. Amachiika patsogolo panga chosatsegula, chotsegulira chili pambali.

"Tsegula wekha, mwanawe," amatero. "Uone kuti sindinakhudzemo."

Ndipo ndimatsegula, n'kumwa, iwo ataimirira akundiyang'ana mpaka nditamaliza.